Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Makampani Opanga Mafoni: Foni Isafe Isanakalambe

Kwa inu akuluakulu a Apple, Samsung, Google, Xiaomi, Transsion ndi anzanu onse opanga mafoni ndi matabuleti,

Olemekezeka,

Ine ndimakonza mafoni. Ndiyo ntchito imene ndimadyera, ndipo zala zangazi zatsegula katundu wanu wochuluka moti sindingathe kuwerenga. Inu foni mumaiona tsiku limene ikutuluka m'fakitale, ikunyezimira m'kabokosi kake. Ine ndimaiona patatha zaka zitatu kapena zinayi, mwiniwake akaibweretsa nkhope ili yakugwa, akufunsa ngati pali chimene ndingachite. Kubadwa kwa foni mumakudziwa ndinu, koma imfa yake ndimaiona ndine. N'chifukwa chake ndalimba mtima kukulemberani. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndikupempha kuti mundimve motero.

Pansi pa tebulo langa pali dilowa yodzaza mafoni akufa. Ambiri mwa iwo sanagwere m'madzi, sanapondedwe ndi galimoto. Sikirini ndi yabwino, kamera ikugwira, bodi, kathabwa ka m'kati konyamula tizipangizo tonse ta magetsi, ilibe banga. Zimene zinawapha ndi ziwiri zokha: batire lotopa lomwe munalimata ndi guluu m'kati, ndi pulogalamu imene munaleka kuitumizira apudeti, zokonza zatsopano zimene kampani imatumiza pa intaneti. Zonse ziwirizi sizinachitike mwangozi. Alipo amene anakhala pamsonkhano m'maofesi anu n'kugwirizana kuti zikhale choncho.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wachikulire. Dzina la kampani imene inapanga foni yawo sinditchula, chifukwa vuto lake ndimalipeza pa mitundu yambirimbiri. Batire linali litatupa mpaka kukankha chivundikiro chakumbuyo, pambali pakuoneka mpata woti chikhadabo n'kulowa. Anaiika patebulo ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwananga, zina zonse zitayike, koma muli mawu a malemu bambo anu akunyumba m'menemo." Anali mauthenga a mawu amene amuna awo ankawatumizira asanamwalire.

Ndikufuna mudziwe mmene ntchito imeneyo imayendera, chifukwa ndikukayika ngati ambiri a inu munaigwirapo. Umayamba wafunditsa foni ndi mpweya wotentha kuti guluu afewe, koma usapitirize muyeso, poti batire lotupa silifuna moto. Kenako umakoka galasi ndi kamphira koyamwa, n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala mumpatamo, n'kumayenda nako m'mbali pang'onopang'ono, mpweya utaugwira, chifukwa pansi pomwepo pamadutsa kalamba ka waya kopyapyala ngati pepala ndipo ukangokadula, ntchito yakula. Ukalowa m'kati umapeza batire nalonso lamatidwa. Umadonthezera sipiriti m'mbali, n'kudikira, n'kunyamula pang'ono, n'kudonthezanso. Batire la lithium ndi kathumba kofewa; ukalipinda kwambiri kapena kulibowola limafuka utsi, nthawi zina kuyaka kumene. Ola lathunthu linatha ine ndikulimbana ndi chinthu chimene kale mwana wa sukulu ankachichotsa ndi chala chimodzi.

Foni inayaka. Mayiwo anamwetulira, ine mtima unakhala pansi. Koma atati atsegule pulogalamu ya banki yawo, inakana, ikuti foniyo ndi yakale. Ndinafufuza ngati pali apudeti, osapeza kanthu. Kampaniyo inali itasiya kale kuisamalira foni imeneyo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga poti mwati mwaikonza, chatsalanso n'chiyani?" Ndinasowa chowayankha, chifukwa yankho la funso limenelo lili ndi inu.

Tiyambe ndi batire. Palibe amene akukuimbani mlandu chifukwa choti batire limatha mphamvu. Ndi mmene linapangidwira: ulendo uliwonse likadzaza n'kutha, kachigawo kena ka mphamvu zake kamapita osabwerera, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. A Apple amanena okha kuti mabatire a iPhone 14 ndi akumbuyo kwake anapangidwa kuti atsale ndi 80 peresenti ya mphamvu akatchajidwa modzaza maulendo 500, ndipo a iPhone 15 maulendo 1,000. Munthu wotchaja tsiku ndi tsiku amafika pa 500 chaka chachiwiri chisanathe. Ndiye kuti inu mumadziwiratu kuti chiwalo chimenechi chidzatha msanga kuposa zina zonse. Batire lili ngati tayala la galimoto. Kodi alipo wopanga galimoto amene amawotcherera matayala kuti asachoke, tayala likatha mwiniwake agule galimoto ina?

Mumati mumamata pofuna kuti madzi asalowe ndiponso kuti foni ikhale yopyapyala. Ife amene tinagwirapo Galaxy S5 ya Samsung ya mu 2014 timavutika kuvomereza zimenezo. Foni ija inali ndi chivundikiro chochotsa ndi chikhadabo, batire lake lotulutsa ndi dzanja, koma inali ndi chizindikiro cha IP67, kutanthauza kuti imapirira m'madzi akuya mita imodzi kwa theka la ola. Kamphira kozungulira m'mbali mwa chivundikiro ndi kamene kankagwira ntchito yonseyo. Chaka chotsatira, Galaxy S6 inabwera yomatidwa, yopanda ngakhale polowetsa memori khadi. Ndipo mu 2016, mabatire a Galaxy Note 7 atayamba kuyaka, panalibe njira yongouza anthu kuti bwerani tikupatseni batire lina. Kampani inaitanitsa mafoni athunthu okwana pafupifupi 2.5 miliyoni, makampani a ndege anawaletsa, ndipo mapeto ake mtundu wonsewo unathetsedwa.

Akatswiri anu nzeru ali nazo. Pa iPhone 16 anaika guluu amene amamasuka yekha ukamudutsitsa magetsi ochepa a batire la mavoti 9. Kampani yaing'ono ya ku Amsterdam yotchedwa Fairphone yakhala ikugulitsa mafoni otsegula ndi sikuludiraiva wamba, ndipo Fairphone 5 ya mu 2023 inalonjezedwa apudeti mpaka 2031. Ngati kakampani kotero kangathe, inu amene mumagulitsa mafoni mamiliyoni mazanamazana simungalephere. Luso lilipo lokwanira. Chimene chikusowa ndi kufuna.

Pali nkhani imodzi imene sindiiwala, ndipo ndikuikumbutsa pano popanda cholinga chonyoza kampani imodzi, chifukwa inaulula chinthu chokhudza nonsenu. Mu Disembala 2017, a Apple anavomera kuti pulogalamu yawo inkachedwetsa dala ma iPhone amene mabatire ake anali atafooka. Chifukwa chimene anapereka n'chomveka kwa munthu wodziwa ntchitoyi: batire lofooka limalephera kupereka mphamvu zambiri nthawi imodzi, ndiye foni imangozima yokha. Cholakwa chinali kukhala chete. Anthu ankaona foni ikuyenda ngati kamba n'kumaganiza kuti yakalamba, osadziwa kuti batire latsopano likanaibwezera mwakale. Mu Okutobala 2018 boma la Italy linalipiritsa Apple mayuro 10 miliyoni ndi Samsung mayuro 5 miliyoni pa nkhani ya ma apudeti amene ankafooketsa mafoni akale, ndipo mu Febuluwale 2020 dziko la France linalipiritsa Apple mayuro 25 miliyoni chifukwa chosauza anthu. Popepesa, kampaniyo inatsitsa kwambiri mtengo wosinthira batire chaka chonse cha 2018. Ndiye tamverani izi: mu Januwale 2019, a Tim Cook, mkulu wa Apple pa nthawiyo, polembera eni masheya kufotokoza chifukwa chake ma iPhone sanagulidwe monga ankayembekezera, china mwa zifukwa zimene anatchula chinali chakuti anthu anapezerapo mwayi wosintha mabatire motchipa. Apa m'pamene pagona nkhani. Munthu ukamupatsa batire latsopano, amasunga foni yake. Inu mumadziwa zimenezi bwino kuposa ine, chifukwa zimaonekera m'mabuku anu a ndalama.

Kuchokera pa guluu, ena mwa inu munapeza loko wina wosaoneka ndi maso. Chiwalo chilichonse, kaya ndi sikirini, batire kapena kamera, chimapatsidwa nambala imene bodi imaizindikira, ndipo ukaikapo china, ngakhale chenicheni chochotsa pa foni inzake ya mtundu womwewo, foni ikhoza kuyamba kudandaula kapena kuzimitsa ntchito zina. Mu 2016 ma iPhone ena amene anakonzedwa kwa amisiri wamba anangouma n'kumaonetsa uthenga wa Error 53, ndipo mu 2018 khoti la ku Australia linalamula Apple kulipira madola a dzikolo 9 miliyoni pa nkhani yokhudzana ndi zimenezo. Mu 2021, kusintha sikirini ya iPhone 13 kunkapha Face ID, njira yotsegulira foni ndi nkhope, mpaka anthu atadandaula kwambiri m'pamene zinasinthidwa. Mumati mukuteteza eni mafoni kwa akuba ndi ku zipangizo zachinyengo. Nkhawa imeneyo ine ndimaimvetsa, poti nanenso amabwera anthu ndi mafoni amene sangafotokoze bwino kumene anawatenga, ndipo ndimawabweza. Tsekani chiwalo chochokera mu foni imene mwiniwake wanena kuti yabedwa. Muuzeni mwini foni poyera kuti sikirini imene yaikidwayi si yanu. Koma musalange munthu chifukwa chokonzetsa chinthu chimene anagula ndi ndalama zake. Dera la Oregon ku United States linakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa mchitidwe umenewu, ndipo malonda anu kumeneko sanaime.

Makampani ena alibe loko wotere, koma amachita china chopweteka mofanana: amatulutsa mitundu yatsopano yambirimbiri chaka chilichonse, iliyonse ndi sikirini yakeyake ndi batire la msinkhu wakewake, ndipo pakangotha zaka ziwiri zipangizo zake zenizeni sizionekanso. Mmisiri amakakamizika kuika batire losadziwika kumene linachokera, lolembedwa mphamvu zabodza, lomwe limatupa miyezi ingapo. Likatupa, wotukwanidwa ndine.

Tsopano za apudeti, zimene zinandigonjetsa pa foni ya mayi aja. Apa ndiyambe ndi kuyamikira. Mu Okutobala 2023, a Google analonjeza kuti Pixel 8 idzalandira apudeti kwa zaka 7, ndipo mu Januwale 2024 a Samsung anachita chimodzimodzi ndi Galaxy S24. A Apple akhala akusamalira ma iPhone awo zaka zambiri kuyambira kale. Zimenezi n'zabwino ndipo ndimauza makasitomala anga. Koma taonani amene akupindula. Lonjezo lalitali linayambira pa mafoni odula kwambiri, ogulidwa ndi anthu amene ambiri mwa iwo amasintha foni zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Munthu wogula foni yotsika mtengo ndiye amene adzaigwiritse mpaka zilembo za pachivundikiro zitafufutika, kenako n'kupatsa mng'ono wake, mng'onoyo n'kupatsa mwana. Iyeyo ndiye wofunika zaka 7, koma kawirikawiri amapatsidwa ziwiri, ena chimodzi, ena osauzidwa n'komwe. Zinthu zatembenuzika mutu pansi.

Anthu ambiri amaganiza kuti apudeti ndi yongosintha maonekedwe a tizithunzi ta pasikirini. Ayi ndithu. Mwezi ndi mwezi akatswiri amapeza ziboo m'pulogalamu zimene mbava zingalowerepo, ndipo apudeti ndi imene imatseka zibooko. Foni imene yasiyidwa ili ngati nyumba yothyoka loko, mwiniwake n'kumagona osadziwa. Opanga mapulogalamu a banki ndi otumizirana mauthenga akamakana mafoni akale sindiwada, chifukwa sangasunge ndalama za anthu m'nyumba yotero. WhatsApp, mwachitsanzo, inasiya kugwira pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0 mu Okutobala 2023. Masiku ano foni ndiyo banki ya munthu, ndiyo chiphaso chake, ndiyo kalasi ya mwana wake, ndiyo njira yolankhulira ndi dokotala. Mukaleka kuisamalira mumakhala mwamutsekera munthuyo zitseko zonsezi nthawi imodzi.

Ndikudziwa kuti mudzaloza chala kwa opanga tchipi, ubongo wa foni, monga Qualcomm ndi MediaTek, kuti iwo akasiya kusamalira tchipi inu manja amamangika. Mbali ina n'zoona. Koma ogula tchipizo mamiliyonimamiliyoni ndinu, ndipo wogula wamkulu akanena zimene akufuna, wogulitsa amamva. Galaxy A16, imene si foni yodula, inalonjezedwa zaka 6. Chotero nazonso zotsika mtengo zingatheke.

Matabuleti ndiye amandimvetsa chisoni koposa. Tabuleti sigwa kawirikawiri, siyenda m'thumba, imakhala pakhomo ana n'kumawerengerapo. Thupi lake likhoza kukhala zaka 10. Koma ndalandirapo ambiri ooneka ngati atsopano amene sangatsegulenso pulogalamu ya sukulu.

Chimene chandichititsa kulemba tsopano ndi zimene zachitika ku Ulaya. Kwa zaka zambiri zinkamveka ngati kuika polowetsa tchaja pofanana pa mafoni onse kudzapha luso. Bungwe la European Union linalamula kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni onse atsopano akhale ndi USB-C, ndipo iPhone 15 inali itasintha kale mu Seputembala 2023, padziko lonse. Lero tchaja imodzi ikukwanira nyumba yonse. Kuyambira pa 20 Juni 2025, lamulo linanso la kumeneko likuti foni kapena tabuleti yatsopano ikhale ndi batire lopirira kutchajidwa maulendo osachepera 800 likadali ndi 80 peresenti ya mphamvu zake, zipangizo zosinthira zizipezeka kwa zaka 7 mtunduwo utaleka kugulitsidwa, apudeti ipitirire kwa zaka zosachepera 5 kuchokera nthawi yomweyo, ndipo amisiri apatsidwe mwayi wopeza mapulogalamu ofunika pokonza. Foni iliyonse imagulitsidwa ndi chizindikiro chosonyeza ngati foniyo ndi yosavuta kukonza, kuyambira A mpaka E. Dziko la France linali litayamba kale zofanana ndi zimenezi mu 2021, ndi mamalikisi ofika pa 10.

Malamulo amenewa mukuwatsatira, ndipo simunatseke mafakitale. Ndiye funso langa ndi ili: munthu amene akukhala kumene kulibe lamulo lotere walakwanji? Apudeti mukailemba kamodzi, kuitumiza ku dziko lina sikufuna sitima kapena ndege. Batire limene mwasungira wogula wa ku Paris ndi lomwelo limene akulifuna wogula wa ku Lima, ku Dhaka kapena ku Manila. Ndikuopa kuti mudzagawa anthu pawiri, ena otetezedwa ndi lamulo, ena ongolandira zotsala, mitundu ya mafoni yosakhalitsa n'kumaitumiza kumene kulibe wofunsa. Musatero. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo inu mitu yanu yakula mokwanira kuti muchite chinthu choyenera musanakokedwe ndi khoti.

Za chilengedwe ndinena mwachidule, poti inu mumazinena kwambiri pa misonkhano yanu. Mu Okutobala 2020 a Apple anachotsa tchaja m'bokosi la iPhone 12 ponena kuti akuchepetsa zinyalala, ndipo a Samsung anatsatira ndi Galaxy S21 mu Januwale 2021. Chabwino. Koma malipoti anu omwe amasonyeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya mpweya woipa wochokera ku foni umatuluka poipanga, isanafike n'komwe m'manja mwa munthu. Ndiye kuti chinthu chachikulu chimene mungachitire dziko ndi kulola foni imene ilipo kale ikhale chaka china, ndi chinanso. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale kota. Mbali inayi, mwala wa cobalt wopangira mabatire ambiri umakumbidwa ku Democratic Republic of the Congo, dziko limene limatulutsa pafupifupi 70 peresenti ya cobalt yense, kumene bungwe la Amnesty International mu 2016 linapeza ana akugwira ntchito m'migodi yokumba pamanja. Mwala umene munthu anautulutsa pansi movutika chotero suyenera kukathera m'dilowa yanga patangotha zaka zitatu.

Mwina mudzati wokonza mafoni akungodzifunira ntchito. Inde, zipangizo zikamapezeka ine ndidzapindula, sindibisa. Koma chimene ndikupempha kwambiri, batire loti mwini foni asinthe yekha pakhomo, chidzandilanda makasitomala ambiri, ndipo ndavomera. Ntchito yeniyeni ya mmisiri, yofufuza pamene bodi yapsa ndi kuwotcherera tizipangizo tating'ono ngati mchenga, sidzatha. Kukanda guluu si luso limene ndingalilire.

Choncho ndikupempha kuti batire lizimangidwa ndi timasikuluu wamba kapena guluu womasuka mosavuta, ndipo lizigulitsidwa kwa aliyense pa mtengo woti munthu asaone ngati kuli bwino kungogula foni ina. Zaka za apudeti zimene mwapereka ku mafoni odula zifikenso ku otsika mtengo, m'mayiko onse mofanana. Ndipo pali china chimene sichingakudyereni ndalama n'komwe: lembani pabokosi, ndi zilembo zazikulu, mwezi ndi chaka chimene foniyo idzaleke kulandira apudeti. Mankhwala amalembedwa tsiku lothera mphamvu, ndipo palibe amene amaona zachilendo. Munthu adziwe asanatulutse ndalama kuti akugula zaka zingati. Tsiku limenelo likakwana, masulani loko wa pulogalamu kuti amene angathe aikemo ina. Alipo anthu odzipereka, monga amene amapanga pulogalamu yoyendetsa foni yotchedwa LineageOS, amene akhala akuukitsa mafoni amene eni ake enieni anawataya kalekale, koma sangalowe pamene inu mwakhoma.

Mayi aja anabweranso patatha masabata awiri, atagula foni ina imene sanaikonzekere. Ndinawasamutsira mauthenga a malemu amuna awo limodzilimodzi, ndipo tinamvetsera loyamba limodzi kuti titsimikize kuti lalowa. Anali mawu a bambo akufunsa ngati afika bwino. Foni yakaleyo anandisiyira, akuti mwina ndingachotsepo kanthu kothandiza wina. Sindinaiphwasule. Ili m'dilowa muja ndi batire lake latsopano, ndipo ndikaiyatsa imayaka bwinobwino, sikirini yake yowala, kamera yake ikujambula.

Ine wanu,
Mmisiri wokonza mafoni